Roketi ya Madzi: Kapangidwe Kake ndi Kafotokozedwe Kake kwa Ana a Sukulu

Mphunzitsi amene adzatumizidwe kukagwira ntchito m'boma la Rumphi, kaya ndi ku Bolero, ku Hewe, ku Mhuju kapena kugombe la nyanja ku Mlowe, adzapeza kuti m'sukulu zambiri za pulayimale mulibe chipinda cha sayansi, ndipo zipangizo zogula n'zochepa. Koma pampu ya njinga ipezeka m'mudzi uliwonse, mabotolo a pulasitiki ali mbwee pamisika, ndipo madzi sasowa. Zinthu zitatu zimenezi n'zokwanira kupangira roketi yotha kukwera kupitirira denga la tchalitchi ndi mitengo ya pabwalo la sukulu. Kupanga kwake n'kosavuta, pakuti ana a Sitandade 6 kapena 7 angathe kuitsiriza tsiku limodzi. Chovuta chimadza pamene roketi yagwa, ana aleka kukuwa, ndipo mmodzi wa iwo afunsa kuti, "Aphunzitsi, chimene chaikankha n'chiyani?" Mphunzitsi akaphonya pamenepo, ana apita kwawo ataona masewera chabe, kapenanso atanyamula chiphunzitso cholakwa chimene adzakhala nacho kufikira ukulu. Chifukwa chake tiyamba ndi yankho la funso limeneli, ndipo za kapangidwe zidza pambuyo.

1. Chimene Chimaulutsa Roketi

Yankho limene anthu ambiri amapereka ndi lakuti madzi otuluka m'botolo amaponda pansi, kapena amatsamira pa mpweya wa kunja, ndipo potero amanyamula botolo. Yankho limeneli limveka lokoma m'khutu koma si loona, ndipo lasokeretsa ngakhale anthu ophunzira. M'chaka cha 1920 nyuzipepala ya New York Times inanyoza Robert Goddard, katswiri wa ku America amene anali kuyesa maroketi, ponena kuti roketi singayende kumene kulibe mpweya woti iukankhe. Nyuzipepalayo inabweza mawu ake pa 17 Julayi 1969, patapita tsiku limodzi chinyamukire chombo cha Apollo 11 ulendo wa ku mwezi.

Choonadi chake ana a kunyanja amachidziwa ndi mapazi awo. Munthu akaima m'bwato wosamangirira, nalumphira kumtunda, bwato umabwerera m'madzi. Iye wakankha bwato ndi mapazi, ndipo bwato nawo wamukankha iye. Wina wapita kuno, wina uko. Alenje akale amene anagwirapo mfuti ya gogodela amasimba za mmene imamenyera phewa chipolopolo chikamatuluka. Isaac Newton analongosola zimenezi m'buku lake la m'chaka cha 1687, ndipo lero timazitcha lamulo lachitatu la kayendedwe ka zinthu. Tanthauzo lake ndi ili: chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera kukankhako pa mlingo womwewo, koma molunjika kumbali inayo.

Tsono m'roketi yathu, botolo ndi mpweya uli m'katimo zimaponya madzi kumunsi, ndipo madziwo pochoka amakankhira botolo kumwamba. Nthaka ilibe gawo pa ntchitoyi, ngakhalenso mpweya wa kunja, umene ntchito yake ndi kuchedwetsa roketi basi. Tikanatha kupita nalo botolo lathu kuthambo kumene kulibe mpweya, likanathamanga koposa. Munthu amene anayamba kuwerengera bwino za ulendo wotere, Konstantin Tsiolkovsky, anali mphunzitsi wa sukulu m'mzinda wa Kaluga ku Russia, ndipo m'chaka cha 1903 anasonyeza kuti liwiro la roketi limadalira pa zinthu ziwiri: kuchuluka kwa zimene ikutaya kumbuyo poyerekeza ndi kulemera kwake, ndiponso liwiro limene zotayidwazo zikutulukira.

2. Ntchito ya Mpweya ndi Ntchito ya Madzi

M'botolo muli antchito awiri, ndipo aliyense ali ndi gawo lake. Mpweya ndiwo nkhokwe ya mphamvu. Pamene mwana apopa, akulowetsa mpweya wambiri m'malo ochepa, ndipo mpweyawo umathinana ndi kupanikiza mbali zonse za botolo pamodzi ndi madzi ali pansi pake. Thukuta lonse la wopopa lasungika mumpweya umenewo, monga mmene mphamvu ya mkono imasungikira mu uta wokokedwa kapena m'legeni. Madzi sasunga mphamvu yotere, chifukwa salola kufinyika ngakhale muwapanikize chotani. Ntchito yawo ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita imodzi ya mpweya imangopitirira pang'ono galamu imodzi. Ndiye kuti madzi amalemera kuposa mpweya pafupifupi maulendo 800. Munthu woima m'bwato akaponya nthenga, bwato susuntha. Akaponya mwala waukulu, umasuntha.

Apa m'pamene tipeza chifukwa chimene botolo lopanda madzi limangodumpha pang'ono, pakuti lili ndi mphamvu koma lilibe cholemera choti liponye. Botolo lodzaza madzi mpaka pakamwa nalonso silipita patali, pakuti mulibe malo osungiramo mpweya, ndipo kulemera kwake n'kwakukulu. Mlingo wabwino uli pakati, ndipo oyesa ambiri amaupeza pafupi ndi gawo limodzi la magawo atatu a botolo.

Ana a ku Rumphi ali ndi mwayi wakuti chitsanzo cha madzi opanikizika chili m'boma lawo lomwe. Dotolo Robert Laws atakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe m'chaka cha 1894, madzi anakokedwa m'mipope yachitsulo kuchokera ku phiri la Nyamkhowa, ndipo m'chaka cha 1905 madzi a mtsinje wa Manchewe anayamba kuzunguza makina opangira magetsi. Kumeneko chimene chimapanikiza madzi a kumunsi kwa mpope ndi kulemera kwa madzi anzawo ochokera kumtunda. Madzi akuya mamita 10 amapanikiza pafupifupi mofanana ndi mpweya wonse wa mlengalenga umene uli pamitu pathu. Chotero botolo limene geji ikusonyeza 3 bar lili ngati mpope wotsika kuchokera pamtunda wa mamita 30. M'botolo mulibe phiri, koma mpweya wothinana wagwira ntchito ya phirilo.

Pali zizindikiro ziwiri zimene mphunzitsi asalole kuti ana aziphonye. Choyamba, pampu imafunda pamene mukupopa, chifukwa mpweya ukamafinyidwa umatentha. Chachiwiri, mukatola botolo litangogwa, kawirikawiri mudzaona kankhungu koyera m'kati mwake. Mpweya utamasuka mwadzidzidzi unatambasuka ndi kuzizira, ndipo chinyontho chake chinasanduka timadontho. Ndi njira yomweyo imene mitambo imapangikira pamene mpweya wa kunyanja ukwera mapiri a Khondowe ndi Nyika.

3. Zofunika ndi Kapangidwe

Gulu lililonse la ana likhale ndi mabotolo awiri a pulasitiki a malita awiri, kapena ocheperapo ngati amenewo asowa. Akhale a zakumwa zochita thovu, monga Fanta kapena Coca-Cola, popeza amenewa anapangidwa kuti apirire kupanikiza kwa mpweya. Mabotolo a madzi akumwa ndi a mafuta ophikira sanapangidwire ntchito yotere. Pafunikanso katoni yolimba, selotepi, dongo lofewa pang'ono ndi lumo. Kalasi lonse lingagwiritse ntchito pampu imodzi, kachitsulo kolowetsera mpweya kochotsedwa pa chubu chakutha cha njinga, kamene okonza njinga amati valavu, kapaipi kopyapyala kotalika mamita atatu kapena kuposa, ndi chotsekera cholowa m'kamwa mwa botolo mothina. Chotsekeracho chingasemedwe kuchokera ku mphira wochindikala, monga wa patapata wakutha, ndipo chikakhala chokhwepa muchikulunge ndi selotepi kapena ndi malegeni.

Boolani chotsekera pakati ndi kulowetsamo valavu mothina kuti mpweya usapulumukire m'mbali, ndipo lumikizani valavuyo ku pampu ndi kapaipi kaja. Botolo loyamba ndilo thupi la roketi, ndipo lidzauluka chozondoka, kamwa lake kumunsi. Botolo limeneli lisadulidwe, lisabooledwe, lisayandikire moto. Dulani lachiwiri pamapewa, tengani mbali ya kukamwa, ikanimo dongo losaposa dzira la nkhuku, ndipo ivekeni kutako kwa botolo loyamba ngati chisoti, n'kumata ndi selotepi. Imeneyo ndiyo mphuno ya roketi. Kenaka dulani zipsepse zitatu kapena zinayi za katoni, zofanana msinkhu, ndi kuzimata mowongoka pafupi ndi kamwa la botolo loyamba, motalikirana mofanana. Pabwalo khomani zikhomo zitatu kapena zinayi zosalala mozungulira, kuti roketi iime pakati pawo itayang'ana kumwamba, yosakhudza pansi ndiponso yosagwidwa ndi zikhomozo. Thirani madzi, tsekani zolimba, zondotsani, ndipo popani. Mpweya ukachuluka, chotsekera chidzafwamphuka chokha. Madzi onse amatha m'kanthawi kosakwana theka la sekondi, ndipo ulendo wotsalawo roketi imayenda ndi liwiro limene yalandira kale, monga mwala wochoka m'dzanja.

4. Chifukwa cha Dongo ndi Zipsepse

Botolo lopanda mphuno ndi zipsepse limagubuduka m'mwamba ndi kugwa msanga. Makolo athu anadziwa mankhwala a vuto limeneli kalekale, pakuti muvi wawo unali ndi chitsulo kutsogolo ndi nthenga kumbuyo. Ana nawonso amadziwa kuti chitsononkho cha chimanga chosomekedwa nthenga za nkhuku kumbuyo chimauluka mowongoka. Chinthu chouluka chimatembenukira pa malo amene kulemera kwake kumalingana mbali zonse ziwiri. Mphepo ikagwira kwambiri kumbuyo kwa malo amenewo, imabwezera mchira m'mbuyo nthawi iliyonse pamene wapatuka, ndipo mphuno imatsogolabe. Ikagwira kwambiri kutsogolo kwake, imatembenuza chinthu chonsecho. Dongo limakokera malo olinganawo kutsogolo, ndipo zipsepse zimapatsa mphepo pogwira kumbuyo.

Ana angathe kuyesa zimenezi roketi isanauluke. Apeze malo amene roketi yopanda madzi imalingana itagonekedwa pa chala, amangepo chingwe, ndipo mmodzi aizunguze pamwamba pa mutu wake anzake atatalikira. Ngati mphuno itsogola, zili bwino. Ngati iyenda cham'mbali kapena chafutambuyo, awonjezere dongo pang'ono kapena akuze zipsepse.

5. Za Kusamala

Akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo pa ntchito ino mwambiwo ukhale lamulo. Mwana asaweramire pa roketi imene yayamba kupopedwa. Ikakana kunyamuka, wina asathamangire kukaigwedeza; mphunzitsi yekha ndiye atulutse mpweya kuchokera kumbali ya pampu. Ana onse aime kutali mamita 10 kapena kuposa, wopopa yekha ndiye ayandikire, ndipo abisale kuseri kwa tebulo logonekedwa cham'mbali. Botolo lagalasi lisayesedwe konse, ngakhalenso lapulasitiki lokandika, lopindika kapena lokhalitsa padzuwa. M'mphuno musaikidwe mwala, msomali kapena chitsulo. Ngati pampu ili ndi geji, musapitirire 4 bar. Ulutsirani pabwalo la mpira, kutali ndi msewu, madenga ndi mawaya a magetsi, ndipo tsiku la mphepo yamphamvu ntchitoyi idikire. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu musanayambe, popeza phokoso lake limatulutsa makalasi ena panja.

6. Kuyesa ndi Kuyeza

Chimene chimasiyanitsa umisiri ndi masewera ndicho kuyeza ndi kulemba. Gawani ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense akhale ndi udindo wake: woyeza madzi, wopopa, wowerenga nthawi, woyeza ngodya ndi mlembi. Atsikana apope ndi kuyeza monga anyamata. Asasanduke otunga madzi okha. Musawauze ana mlingo wabwino wa madzi. Ayambe alota okha ndi kulemba maganizo awo, kenaka ayese botolo lopanda madzi, la gawo limodzi la magawo anayi, la gawo limodzi la magawo atatu, la theka, ndi lodzaza. Lamulo lalikulu ndi kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Gulu likasintha madzi ndi zipsepse pamodzi, silidzadziwa chimene chathandiza. Popeza chotsekera sichifwamphuka pa mlingo umodzimodzi nthawi zonse, mlingo uliwonse wa madzi uyesedwe katatu, ndipo ana aphatikize zotsatira zitatuzo ndi kugawa ndi 3.

Pali njira ziwiri zopezera kutalika kumene roketi yafika. Yoyamba ndi ya nthawi. Werengani masekondi kuyambira ponyamuka kufikira pogwa, chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, kenaka ndi 1.2. Roketi yokhala m'mwamba masekondi 4 yafika pafupifupi mamita 19. Chiwerengero chimenechi n'chongoyandikira, chifukwa sichisamala za mpweya umene umachedwetsa botolo. Njira yachiwiri ndi ya ngodya. Matani choyezera ngodya cha m'bokosi la masamu pa kabango kobooka, mbali yake yowongoka italondola bangolo, ndipo pakati pake mangani ulusi wokhala ndi kamwala. Mwana aime mamita 30 kuchokera poulutsira, asuzumire m'bango kulondola roketi, ndipo ikafika pamwamba penipeni atsine ulusi pamene waima. Madigiri amene ulusi wasuntha kuchoka pa 90 ndiwo ngodya yake. M'kalasi ajambule mzere wa masentimita 15, sentimita iliyonse kuimira mamita awiri, ajambule ngodya ija kumapeto kumodzi ndi mzere woimirira kumapeto kwinako, ndipo ayeze pamene mizere iwiriyo yakumana. Ngodya ya madigiri 27 ipereka pafupifupi mamita 15, ya madigiri 45 ipereka mamita 30, ndipo pamenepo awonjezere msinkhu wa woyezayo kulekeza m'maso. Woyeza asasuzumire kuloza kumene kuli dzuwa.

Ana akapeza manambala awo, auzeni kuti roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi, imene Goddard anaulutsa pa 16 Malichi 1926, inakwera mamita osapitirira 13. Auzeninso kuti m'chaka cha 2015 ophunzira za uinjiniya a pa University of Cape Town ku South Africa anaulutsa roketi ya madzi ndi mpweya imene inafika mamita 830, kuposa ina iliyonse ya mtundu wake pa nthawi imeneyo. Thupi lake linali lolimba koposa botolo lathu ndipo mpweya wake unali wothinana kwambiri, koma lamulo loiyendetsa ndi lomweli.

7. Za Mawu Ofotokozera

Tifike tsopano pa mbali imene itikhudza ife ophunzira za zinenero zathu. Ana ambiri a ku Rumphi amalankhula Chitumbuka kwawo, amaphunzira Chichewa monga phunziro, ndipo sayansi ya m'makalasi a pamwamba amaiwerenga ndi kuilemba m'Chingerezi. Mwana angathe kuloweza lamulo la Newton m'Chingerezi ndi kulilemba bwino pa mayeso, koma m'mtima akukhulupirirabe kuti madzi amaponda pansi. Njira yodziwira ngati wamvetsa ndi kumupempha kuti alongosole m'chinenero chimene amaganizira.

Koma pamenepo pali msampha, ndiwo mawu akuti mphamvu. Mabuku a Chingerezi ali ndi mawu osiyana pa zinthu zinayi: force, pressure, energy ndi power. Ife zonsezi timazisenzetsa mawu amodzi omwewo, ndipo m'Chitumbuka mawu akuti nkhongono amasenzanso katundu wochuluka chomwecho. Mphunzitsi akanena kuti mphamvu ya mpweya inapatsa madzi mphamvu ndipo roketi inanyamuka ndi mphamvu, sananame, koma sanaphunzitse kanthu. Ena amati chimenechi chisonyeza kuti zinenero zathu n'zosauka pa sayansi. Kunena zoona, chuma cha Chichewa chili m'aneni, ndipo tikasiya kufunafuna dzina limodzi pa dzina lililonse la Chingerezi, tipeza kuti mawu alipo. Pa force tinene kukankha ndi kukoka, pakuti ndicho chimene chikuchitika. Pa pressure tinene kuti mpweya wathinana ndipo ukupanikiza. Mawu akuti mphamvu tiwasungire energy, chinthu chimene chimasungika mu uta, m'legeni ndi m'botolo lopopedwa, n'kudzagwira ntchito pambuyo. Tisiyanitsenso mpweya, umene uli m'botolo ndi ponseponse, ndi mphepo, imene ili mpweya woyenda.

Ndiponso mneni wathu ali ndi kachidutswa kamene kamanyamula lamulo lachitatu lonse, ndiko ka -an- ka m'mawu onga kumenyana, kukokana ndi kukankhana. Tikanena kuti botolo ndi madzi zikukankhana, mwana amamva pompo kuti ochita ndi awiri, ndi kuti aliyense akuchitira mnzake. Kachidutswa komweko kalinso m'Chitumbuka. Zimene Chingerezi chimalongosola ndi chiganizo chathunthu, ife tingathe kuziyamba ndi liwu limodzi, ndipo chotsala ndi kuwonjeza kuti kukankhanako n'kofanana mlingo. Mwana adzafunsa chifukwa chake botolo limathamanga chotere ngati kukankhako n'kofanana, ndipo yankho lake lili pa kulemera: madzi akamatha botolo limapepuka, ndipo chopepuka chimathamangitsidwa msanga.

Chotero phunziro lithe motere. Gulu lililonse liime patsogolo ndi kulongosola ulendo wa roketi yake m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, kuyambira pa dzanja la wopopa kufikira pogwa, popanda kutchula mawu akuti mphamvu koposa kamodzi. Akatha, mphunzitsi alembe pabolodi mawu a Chingerezi pambali pa mawu amene anawo agwiritsa ntchito, kuti mawu achilendowo akhale maina a zinthu zimene aziona kale. Mawu abwino amene ana atulukira, makamaka a Chitumbuka, muwalembe m'kope lanu ndi kuwatumiza ku magazini ino, kuti anzanu a m'maboma ena awayese.

Kwa inu amene mukukonzekera kupita ku sukulu zoyesererako kuphunzitsa, pempho ndi lakuti mupange roketi yanu muli pakoleji pano, muiulutse kangapo kufikira chotsekera chanu chitakhazikika, ndipo muyese kuifotokozera mnzanu m'chinenero cha kwanu. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mphunzitsi amene sanagwirepo pampu adzavutika kuyankha mafunso a ana amene aigwira.